Lekani kubisala kumbuyo kwa ndowa ya Dave Ulmer

Abale, zinazi zimatopetsa. Munthu wabisa cache, lija bokosi lomwe ena amalifufuza ndi GPS pa masewera a geocaching, wakumba dzenje ndi khasu n'kuikwirira, m'kati waponyamo paketi ya mabisiketi ndi maswiti. Sabata ziwiri sizinathe, nyerere zamanga mudzi m'menemo, kabuku kolembamo mayina kasanduka phala. Anzake atamufunsa, akuti walakwanji, poti cache yoyamba padziko lonse nayo inali yokwirira ndipo munali chitini cha nyemba. Yankho limeneli ndi lomwe landiwawa kuposa nyererezo. Wamva kachidutswa ka mbiri, basi wakasandutsa chishango.

Inde, nyembazo zinalimo, palibe akukana. Koma mbiri mukaiyamba muziimaliza. Usiku wa pa 1 kulowa pa 2 May 2000, boma la America, pa nthawi ya Bill Clinton, linazimitsa Selective Availability, njira imene asilikali ankasokonezera dala GPS ya anthu wamba. Dzulo lake GPS imatha kukuphonyetsa ndi mamita 100, m'mawa mwake yayamba kukufikitsa pafupi ndi mamita 10. Pa 3 May, Dave Ulmer, katswiri wa makompyuta, anatenga ndowa yakuda ya pulasitiki ya malita pafupifupi 19, nakaisiya m'tchire pafupi ndi Beavercreek ku Oregon, mbali yake ili m'nthaka. Munali kabuku ndi pensulo, mavidiyo, mabuku, mapulogalamu a kompyuta, legeni, ndalama pang'ono ndi nyemba zanuzo. Manambala a malowo, N 45° 17.460 W 122° 24.800, anawaika pa intaneti n'kuuza anthu kuti akaipeza atengemo kanthu, asiyemonso kanthu. Mike Teague ndi amene anayamba kuipeza, masiku atatu asanakwane.

Ulmer ankayesa GPS. Ankafuna kuona ngati mlendo angafike pa ndowa ndi manambala okha. Sankalemba malamulo a masewera, masewerawo kunalibe. Ngakhale dzina loti geocaching kunalibe! Ankati GPS Stash Hunt, mpaka pa 30 May pamene Matt Stum anabweretsa dzina lomwe tikugwiritsa ntchito lero, chifukwa liwu loti stash linkanunkha za obisa mankhwala ozunguza bongo. Anthu amene anayambitsa zinthuzi anataya dzina lawo lomwe patangopita miyezi ingapo ataona kuti silikuthandiza. Inu, patapita zaka zoposa 20, mwakakamira chitini. Tsobola wakale sawawa, achimwene.

Nanga ndowayo ili kuti lero? Kulibe. Inaphwanyidwa ndi makina otchetcha udzu m'mbali mwa msewu. Pamalopo pali chikwangwani chachitsulo chomwe anaika mu 2003, ndipo nyemba zija anazitola chitini chitadyeka ndi dzimbiri, pano amangoyenda nacho m'misonkhano ngati chikumbutso. Chimene mukuchitcha chitsanzo ndi chimenecho.

Chakudya sichilowa mu cache, basi. Mphuno ya khoswe, gologolo kapena chimbalangondo si yanu ayi. Fungo limadutsa pepala la bisiketi, limadutsa jumbo, limatulukira pa chivindikiro. Khoswe amaboola pulasitiki, akaboola madzi alowa, madzi akalowa kabuku kaola, pensulo yachita nguwi, zoseweretsa za ana zonse zanunkha. Maswiti amasungunuka dzuwa likawomba n'kumata chilichonse. Ndipo si chakudya chokha: sopo, kandulo wonunkhira, chingamu, mafuta opaka pamilomo, zonsezo kwa nyama ndi nsima. Komanso ndani angadye bisiketi yomwe yagona m'tchire miyezi itatu, yosiyidwa ndi munthu wosamudziwa? Palibe. Ndiye mwaikiramo ndani, kupatula nyerere?

Kukwirira ndiye kunyanya. Tawerengani nokha. GPS ya wobisa imaphonya mamita angapo, ya wofufuza imaphonyanso yake, ndipo pansi pa mitengo yowirira kapena m'chigwa kuphonyako kumakula. Zikaphatikizana, munthu amafufuza bwalo lotalika mamita 10 kuchokera pakati. Bwalo limenelo ndi masikweya mita oposa 300. Cache ikakhala m'phanga la mtengo kapena pansi pa miyala, amayang'ana ndi maso n'kupita. Ikakhala pansi pa dothi, amakumba. Woyamba akumba apa, wachiwiri apo, wa khumi akamachoka malowo ali ngati munda woti nguluwe zagonamo. Mwini malo akaona maenjewo saletsa inu nokha, amaletsa tonse. N'chifukwa chake malamulo a Geocaching.com amakana kukumba, pobisa ngakhale pofufuza. Pa 2 September 2000, pamene Jeremy Irish ankatsegula tsambali, ma cache odziwika padziko lonse anali 75 okha. Lero apitirira 3 miliyoni. Dzenje limodzi ku Oregon silinavute munthu. Maenje 3 miliyoni mukuwaona bwanji? Ndipo chinthu chokwirira chimakhala m'matope nyengo yonse ya mvula, madzi atazungulira chivindikiro, akungodikira kampata.

Kuchita bwino sikudula. Pezani bokosi lokhala ndi labala kuzungulira chivindikiro, lija lotseka ndi timakutu tinayi, kapena bokosi lachitsulo losungiramo zipolopolo mutafufuta zolemba za asilikali. Chigubu cha majarini ayi, fungo silichoka ndipo dzuwa limachiswa. Kunja lembani poonekera kuti ndi geocache, kuopa kuti wodutsa angachiyese bomba n'kuitana apolisi. Kabuku kalowe m'jumbo yotseka pakamwa, pamodzi ndi pensulo, chifukwa inki ikanyowa imafalikira. Pemphani kaye kwa mwini malo. Onetsetsani kuti palibe cache ina pa mtunda wa mamita 161. Manambala musatenge kamodzi n'kuthawa: imani pamalopo mphindi zingapo, chokani, bwererani, tengani kangapo, mawa mudzatengenso, kenako mupeze apakati. Mukatero bisani pamwamba pa nthaka, muphimbe ndi miyala kapena makungwa omwe alipo kale. Khasu likhale kunyumba.

Zonsezi anaphunzira ndi anthu omwe aja a 2000, ataona zikuwonongeka m'manja mwawo. Inu mukufuna kulakwitsanso zomwezo mwadala, kenako n'kumatchula dzina la Ulmer ngati loya wanu. Ulesi, mwangouveka jekete la mbiri.

Ndipo poti tili pa manambala, inu amene mumakopera N 45° 17.460 n'kukalemba 45.17460 pa mapu a pafoni, kenako n'kumakalipa kuti cache inabedwa: 17.460 ija ndi maminitsi, ndipo digiri imodzi ili ndi maminitsi 60. Gawani ndi 60, mupeza 45.291. Mukapanda kugawa mwaphonya ndi makilomita pafupifupi 13. Mukufufuza m'munda mwa eni ake, ndiye mukulemba kuti wobisa ndi wabodza.