Nthaka siyendera kalendala ya pulojekiti

Anzanga okonda zaulimi, chimene chimandiwawa pa kafukufuku wa mbewu masiku ano ndi nthawi yochepa imene akatswiri amapatsidwa. Ndalama za othandiza zimabwera za zaka zitatu, zikachuluka zisanu. Kenako lipoti, msonkhano wotsekera, zikwangwani zam'munda n'kuzulidwa. Koma chonde chikatha m'nthaka chimabwerera pang'onopang'ono, ndipo zaka zitatu sizikwana kuti munthu aone ngati njira yatsopano yagwiradi ntchito.

Tengani ulimi wa mtayakhasu. Pa pepala ndi wokoma: osatipula nthaka, phimbirani ndi mapesi, sinthanitsani mbewu. Chaka choyamba udzu umamera ngati wachita kufesedwa, zokolola nthawi zina zimatsika, ndipo mapesi omwewo ziweto zikuwafuna. Phindu lake, chinyontho kukhalitsa ndi nthaka kufewa, limayamba kuoneka pulojekiti itatseka kale. Mlimi akabwerera ku khasu timamunena kuti ndi wosamva. Iye wawerengera matumba, ndipo sanalakwitse samu.

Ku Rothamsted, ku England, kuli munda wotchedwa Broadbalk. Akatswiri awiri a zaulimi, John Bennet Lawes ndi Joseph Henry Gilbert, anayamba kudzalamo tirigu mu 1843, ndipo mpaka lero amadzalidwabe. Ndime ina salandira kanthu, ina manyowa a ng'ombe, ina feteleza. Dothi ndi njere za zaka zonsezo anazisunga m'mabotolo, moti katswiri wa lero akhoza kutsegula botolo la zaka zoposa 100 n'kuyeza zinthu zimene eni ake sankazilota n'komwe. Ndime yosathira kanthu imapereka pafupifupi tani imodzi pa hekitala, zodyetsedwa bwino kangapo kuposa apo. Minda yoleza mtima chonchi ndi yowerengeka padziko, ndipo m'mayiko otentha, kumene nthaka imaguga msanga, ndiye ndi yosowa kwambiri.

Tikasowa umboni wotere timatsala ndi mikangano. Ena akuti feteleza ndi poizoni, ena akuti manyowa ndi zachikale. Feteleza alidi ndi mlandu: pafupifupi theka la nayitirojeni (chakudya chokulitsa mbewu cha mu feteleza) amene timathira salowa m'mbewu, amakokoloka kupita m'mitsinje kapena kuuluka. Koma boma la Sri Lanka litaletsa feteleza mwadzidzidzi mu 2021, mpunga ndi tiyi zinalowa pansi, ndipo chaka chisanathe lamulolo linafewetsedwa. Mfundo zopanga mopupuluma zimalipiridwa ndi mimba za anthu.

Pomwe ife tikudikira ndalama za gawo lachiwiri la pulojekiti, tizilombo sitidikira. Ntchemberezandonda za mtundu wa fall armyworm zinachokera ku America, zinaoneka kumadzulo kwa Africa mu 2016, mu 2018 zinali ku India, mu 2020 zafika ku Australia. Kupanga mbewu yatsopano yopirira kumatha kudya zaka khumi. Ndiye zaka zitatuzo tikuti wopanga mbewu zatsopano achite nazo chiyani?

Ine ndikanakhala ndi mphamvu pa thumba la kafukufuku, ndikanachepetsa misonkhano ya m'mahotela n'kulipira minda yoyeserera ya zaka 20, ina mwa iyo ili m'manja mwa alimi enieni, pa nthaka yoguga, osati pa siteshoni pokha pamene pali madzi ndi aganyu okwanira. Alangizi ndi ofufuza amene muli pano, mundiuze: ndi minda ingati yoyeserera imene munayambitsa ikulimidwabe lero?