Ngakhale chambo chotumbula chili ndi mtima pa wotchi yanga

Nkhani yanuyi yandiseketsa mpaka misozi. Mwati mu 2018 anthu ku China ankamanga wotchi ya Xiaomi Mi Band 3 pa mpukutu wa tishu, iyo n'kumaonetsa kugunda kwa mtima ngati wavala ndi munthu. Ine ndinati mwina n'zokokomeza chabe, ndiye dzulo ndinayesa yanga imene mlamu wanga anandibweretsera kuchokera ku Joni. Ilibe ndi dzina lomwe, chokongola ndi katoni yake basi.

Ndinaimanga pa chambo chimene mayi akunyumba anagula cha ku mlatho wa Bakili Muluzi, chotumbula kale, matumbo ali m'beseni. Kanyali kobiriwira kaja kanaphethiraphethira, kenako 78! Mayi anangogwira pakamwa, amvekere, "Bambo, ndiye tikazinge chamoyo?"

Wotchizi sizimva mtima ayi. Zimawalitsa kanyali pakhungu, magazi amameza kuwala kobiriwirako, ndiye kachipangizo kamawerenga mmene kuwala kobwerera kukusinthira mtima ukamapopa. Kakakumana ndi chinthu chonyezimira ngati mamba a nsomba kamasokonezeka n'kuyamba kupeka manambala.

Koma kuseka kwanga kunathera pomwe ndinakumbukira amalume ku Namwera. Amadwala BP, ndipo anasiya kupita kuchipatala kukayezetsa, ati wotchi yawo yotchipa ikuwauza kuti zonse zili bwinobwino. Kuwalankhula pafoni sakumva. Loweruka ndikukwera minibasi ndi chinangwa m'jumbo, ndikachimange wotchi yawo yomweyo iwo akuona.