Lipirani kaye mtsikana wantchitoyo

Ndapsa mtima abale anga, ndipo lero ndilankhula basi, wokwiya akwiye.

Dzulo m'mawa ndinapeza mtsikana wantchito wa panyumba ina kuno kwathu atakhala pachigubu kumpope, nkhope ataibisa m'chitenje, akulira chamumtima. Nditamufunsa chavuta, anati, "Anti, amayi adwala kumudzi ku Ntcheu, andiimbira kuti ndipite. Ndapempha ndalama zanga koma madamu akuti ndidikire, zinthu zathina." Ndinafunsa kuti ndi za mwezi uti. Miyezi itatu! Miyezi itatu mwana wa eni akudzuka tambala woyamba, kukoleza mbaula, kukolopa, kuchapa matewera mpaka zala kusupuka, kuperekeza ana kusukulu, osagwirako ngakhale ya sopo.

Madamu akewo ndimapemphera nawo mpingo umodzi. Lamulungu lapitali pa Pepa Sande ndinawaona ndi maso angawa akuvina kupita kutsogolo, ma K5,000 ali m'manja, akuponya m'beseni imodziimodzi kuti aliyense awerenge nawo, ife kumbuyo nthungululu kuti lululu. Ndalama zija zinali za ndani? Zinali za mwana uja. Thukuta la mwana wa ku Ntcheu ndi limene tinkaliimbira nthungululu, ndipo ine ndikuchita manyazi kuti ndinaimba nawo.

Madzulo ndinapita kukawaona, mwaulemu ndithu, monga mayi mnzawo. Yankho lake ndi limene landipangitsa kulemba izi. Akuti, "Amayi, inu mukudandaula chiyani? Tikumudyetsa, akugona pano ulere." Ulere? Nsima ya mkute imene amadya ataima kukhitchini ena onse atakhuta, ndiye malipiro? Mphasa yoyala pambali pa matumba a makala, ndiye malipiro? Munapangana kuti pakutha pa mwezi mudzamupatsa ndalama. Mpatseni ndalama zake.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Lachinayi bulauzi yoyera kuti mbee, duku lomangidwa bwino, Baibulo m'khwapa, ulendo kukacheza ndi odwala kuchipatala. Amene wachapa bulauziyo ndi kuisita wamusiya m'nyumba akulira. Mukupita kukapempherera mayi wa munthu wina pomwe mayi wa mwana amene akukulererani ana ali gone kumudzi kudikira mwana wake. Chikhristu chamtundu wanji chimenechi?

Musandiuze kuti zinthu zakwera mtengo. Tonse tikudziwa, shuga tikugula golosale imodzi. Koma bandulo ya foni simulephera kugula, nsalu ya msonkhano wa amayi simulephera kusoketsa. Zimathina pokhapokha ikafika nthawi ya wantchito.

Baibulo lomwe timanyamulalo silinabise nkhaniyi. Levitiko 19:13 akuletsa kuti malipiro a wantchito agone kwa iwe mpaka m'mawa. Usiku umodzi wokha, osati miyezi itatu. Deuteronomo 24:15 akuti umulipire tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, chifukwa ndi wosauka ndipo mtima wake uli pa ndalamayo, angalirire kwa Yehova nkukhala tchimo lako. Yakobo 5:4 ndiye amachita kuopsa, akuti malipiro amene mwawakaniza antchito akufuula, ndipo kulirako kwafika m'makutu a Ambuye. Ndalama imafuula, abale. Ija munaponya m'beseni ija inkafuula kuposa kwaya. Mavesi a chakhumi timawadziwa pamtima, Malaki 3:10 ngakhale mwana wa Sande Sukulu akhoza kukulakatulirani, koma awa a malipiro timawadumpha ngati masamba ake anamatana. Pa mutu womwewo wa Malaki, vesi 5, Mulungu akuika opondereza wantchito pa malipiro ake mugulu limodzi ndi anyanga ndi achigololo. Kawerengeni nokha.

Ine ndikuti Chikhristu chanu chili kukhitchini kwanu. Sichili pa sitetasi ya WhatsApp pomwe mumaika vesi m'mawa uliwonse, sichili pa stika ya pagalimoto, sichili pa mawu amene mumakweza mukapatsidwa pemphero lotsekera. Mukafuna kudziwa ngati munthu ndi wopemphera, musafunse abusa. Abusa amamuona maola atatu pa sabata, atasamba, atadzola. Funsani wantchito wake. Funsani mlonda amene amagona panja mu June osapatsidwa ngakhale tiyi. Funsani mnyamata wa ganyu amene anamulimira munda wonse nkumauzidwa kuti ubwere mawa, ubwere mawa, mpaka chimanga kucha. Amenewo ndiwo amadziwa Yesu amene muli naye.

Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Akanakhala wanu ali ku Johannesburg, akugwira ntchito m'nyumba ya munthu, nkumva kuti miyezi itatu sanalandire, bwenzi mutaitanitsa mapemphero a usiku wonse, mukumanga ziwanda ndi kusala kudya. Koma poti uyu ndi wakumudzi, sukulu analekera panjira, sadziwa kuti ofesi ya leba ili kuti, mwati palibe kumene angapite. Mwana ameneyu mumamuitana usiku kuti adzagwade nanu pa mapemphero a banja. Mukamati "Atate wathu" iye ali pomwepo, akumva. Mukuganiza kuti mumtima mwake akuti chiyani za Mulungu wanuyo? Tsiku lina akadzakana kulowa m'tchalitchi tidzati Satana wamugwira.

Yesu anati ukabwera ndi mphatso kuguwa nkukumbukira kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, isiye pomwepo, kayanjane naye kaye. Bwererani kunyumba, muwerengereni mwanayo ndalama zake zonse m'manja, akwere minibasi akaone amayi ake. Beseni la kutchalitchi silithawa.

Ndipo inu abambo a kumsika amene mumagulitsa chimanga ndi ndowa yomenyedwa pansi kuti ilowe m'kati, wailesi ikulira nyimbo zauzimu pambali, musaganize kuti sitikuonani. Pogula kwa alimi mumatulutsa ndowa ina yaikulu, pogulitsa kwa ife mumatulutsa yopindikayo. Lamulungu ndinu amene mumayendetsa mbale ya chopereka.