Tenacious D si Jack Black yekha

Anthu ambiri akamva za Jack Black amaganiza za mkulu wojintcha uja wa mu Jumanji, kapena mawu a Po mu Kung Fu Panda. Ngakhale amene amadziwa gulu lake loimba la Tenacious D amalikamba ngati la munthu mmodzi. Ine pamenepo ndimakana. Gululi ndi la anthu awiri, ndipo mzati wake ndi Kyle Gass, wadazi uja amene amangoima pambali atakolekera gitala.

Awiriwa anakumana ku Los Angeles m'gulu la zisudzo la The Actors' Gang, lomwe mmodzi mwa oliyambitsa ndi Tim Robbins. Gass, yemwe anabadwa mu 1960, ndi wamkulu kwa Black ndi zaka 9, ndipo poyamba sankamwerana madzi, poti Gass ndiye anali katswiri wa nyimbo pagulupo ndipo ankaona ngati kamnyamataka kadzamulanda malo. Ubwenzi unayamba mu 1989 gululi litapita kukachita zisudzo ku Edinburgh. Ndi Gass amene anaphunzitsa Black kuimba gitala. Mfundo imeneyi anthu amaidumpha, koma kwa ine nkhani yonse yagona pamenepo.

Mu 1994 anayamba kuimba m'mabala, anthu awiri, magitala awiri opanda magetsi, koma akudzitcha gulu loposa magulu onse padziko lapansi. Nthabwala yake ndi imeneyo: amuna wamba akudzitukumula ngati mafumu a rock, kuimba za ziwanda ndi zamatsenga nkhope ili gwa. Koma taganizani, kudzitama koteroko kukanaseketsa ndani gitala ikanakhala yophonyaphonya? Bwenzi anthu atatopa nyimbo yachiwiri isanathe. Black amakuwa, kutong'ola maso, kudumpha; pansi pa phokoso lonselo zala za Gass zikuyenda mwaukhondo, ndipo mawu awo akaphatikizana amakoma zenizeni.

Oimba anzawo anazindikira msanga. Kanema wa ku America wa HBO atawapatsa pulogalamu mu 1997, chimbale chawo choyamba chinatuluka mu 2001, ndipo ng'oma anaimba ndi Dave Grohl wa gulu lotchuka la Foo Fighters. Munthu ngati ameneyo sataya nthawi pa zamasewera. Filimu yawo ya 2006, The Pick of Destiny, inagwa chagada pa malonda ngakhale munali oimba otchuka Ronnie James Dio ndi Meat Loaf. Anabwerera ndi chimbale china mu 2012, n'kumadziseka okha za kugwako. Kenako mu 2015 anatenga mphoto ya Grammy ya nyimbo za metal poimbanso nyimbo ya Dio, kuposa magulu a metal ngati Motörhead ndi Slipknot. Okonda metal ena anang'ung'udza kuti mphoto yapita kwa anthu anthabwala. Akaimverenso nyimboyo kaye.

Tsono za konsati yawo ya ku Sydney mu Julaye 2024. Linali tsiku lobadwa la Gass, anamubweretsera keke pasiteji, ndipo atauzidwa kuti anene chimene akulakalaka, anachita nthabwala yokhudza kuwomberedwa kwa Donald Trump komwe kunali kutangochitika kumene ku Pennsylvania. Inali nthabwala yoipa, palibe chobisa, ndipo mwiniwake anapepesa. Black analengeza kuti mawuwo anamudzidzimutsa, n'kuimitsa ulendo wonse wamakonsati. Kuimitsako ndikukumvetsa, munthu ali ndi mafilimu a ana oti ateteze. Chimene sindinachikonde ndi liwiro lake lodzipatula. Gass anatsala yekha, womuyendetsera ntchito naye n'kumusiya. Zaka 30 mukuimba limodzi nthabwala zolaula ndi zonyoza, mnzako akapsa pakamwa kamodzi ukanatha kumudzudzula uli pambali pake, osati uli patali. Black pambuyo pake ananena kuti akadali mabwenzi ndipo adzabwerera. Akadzabwerera, ine ndikufuna Gass adzayambe ndiye kulankhula.