Mwendo suphunzira mpira ndi kukalipiridwa

Dzulo ndinabwerera kunyumba mtima ukuwira, nsima sinalowe. Ndinaperekeza mwana wa mlongo wanga, wa zaka 11, kubwalo lina kuno ku Chinamwali kumene ana amaphunzira mpira madzulo. Mwana ameneyu ndimamudziwa ine. Pakhomo akatenga chikulunga amazembetsa anzake atatu pakamtunda kopapatiza, miyala ili mbwee, osagwa. Koma dzulo, atangogwira mpira, akochi anayamba: "Phazi lako! Pinda bondo! Ukuyang'ana kuti? Ndakuuza kangati, chitsiru iwe?" Mwana anauma gwa ngati chitsa. Mpira unamudutsa pakati pa miyendo, anzake n'kuseka. Chilango chake, kuzungulira bwalo kasanu.

Abale anga, mwendo sumva kukalipa. Mungakuwe mpaka mawu kusasa, phazi silingaphunzire kumenya mpira chifukwa cha phokoso lanulo. Thupi limaphunzira pochita, kulakwa, kuchitanso, kulakwanso, mpaka tsiku lina lizichita lokha mutu usanaganize. Njira ina palibe.

Tayang'anani amayi otsika ndi nkhuni kuchokera kuphiri la Zomba, mtolo uli pamutu, manja ali pansi, akucheza. Ndani anawaimirira kumbuyo n'kumawakuwira kuti khosi likhale chonchi, chiuno chipite uku? Anayamba ndi kachitini ka madzi ali aang'ono, anataya madzi kambirimbiri, khosi linaphunzira lokha. Anyamata a kabaza pa Mpondabwino amanyamula munthu ndi thumba la chimanga. Afunseni kuti amatani kuti njinga isagwe, sangakuuzeni. Thupi likudziwa, pakamwa sipadziwa. Ndiye inu mukufuna kuti mwana aphunzire mpira kudzera m'khutu?

Izi si nzeru za ine ndekha. Akatswiri awiri a za maganizo, Fitts ndi Posner, analemba kale mu 1967 kuti munthu akamaphunzira luso la thupi amadutsa magawo atatu. Poyamba amaganizira chilichonse, amachita mwachibwibwi, amalakwitsa kwambiri. Kenako zolakwa zimachepa. Pomaliza thupi limangochita lokha. Mwana wa zaka 11 pa luso latsopano ali pagawo loyamba lija, mutu wake wadzaza kale. Inu n'kumuthiriranso malamulo asanu nthawi imodzi, kuphatikizapo mantha. Alowe pati? Ndipo mayi wina wofufuza za masewero, Gabriele Wulf, anaonetsa kuti munthu amachita bwino akamaika maganizo pa mpira ndi pomwe ukupita kusiyana ndi akamaganizira za bondo lake kapena chala chake. Muuzeni mwana kuti "umenye kuti ukafike paphazi la mnzako uyo", basi, mwendo upeza wokha njira. Mukati "bondo, bondo", mwamumanga miyendo.

N'chifukwa chake ngakhale wosewera wamkulu amaphonya penate yomwe pokonzekera amamwetsa atatsinzina. Mantha amamubwezera kumayambiriro, ayambe kulamula mwendo womwe umadziwa kale ntchito yake. Kodi mukuganiza kuti Gabadinho Mhango, pomenya mpira uja ali kutali mpaka kumwetsa Morocco mu Januwale 2022, ankawerenga kuti bondo lapindika bwanji? Anaona goloboyi watuluka, mwendo n'kuyankha. Temwa Chawinga anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024. Zigoli zimenezo n'zipatso za mpira womwe anaumenya kosawerengeka kuyambira ali mwana, osati za munthu womutukwana pambali pa bwalo.

Ndikudziwa, akochi ambiri amagwira ntchitoyi mongodzipereka, ndipo nawonso anakula akukalipiridwa. Chabwino. Koma zimenezo sizisintha mwendo wa mwana.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mulekeni mwana alakwe. Alakwe kakhumi, alakwe ka 100. Muuzeni chinthu chimodzi, mukhale chete, ayese. Mawa abwere ayesenso. Mwana woopa kulakwa amasiya kuyesa, ndipo wosiya kuyesa saphunzira kanthu. Amangophunzira kubisala kumbuyo kwa anzake kuti mpira usamupeze. Ndinaziona ndi maso angawa dzulo: atamaliza kuzungulira kuja, mwana uja mpira ukamabwera ankautembenukira msana. Popita kunyumba anandifunsa kuti, "Amalume, mawa ndisapiteko eti?" Mwana wokonda mpira kuposa nsima!

Ndiye kuzungulira bwaloko kumaphunzitsa chiyani? Kupatsira? Ndinawerenga ana oposa 20, mpira umodzi wokha. Onse ali pamzere ngati akudikira kugayitsa kuchigayo, aliyense kukhudza mpira kamodzi n'kubwerera kumapeto kukadikira. Ola lathunthu mwana wakhudza mpira mwina kasanu. Pakhomo ndi chikulunga chake amaukhudza kosawerengeka dzuwa lisanalowe. Bwanji osawagawa anayianayi, miyala iwiri ikhale golo, azisewera? Mipira ikasowa, majumbo ali mbwee mumsika wa Zomba, anawo amadziwa kumanga okha.

Ndipo inu makolo oimirira kunja kwa mzere, nanunso mulipo. Bambo wina dzulo ankakuwira mwana wake kuti "menya!", akochi akuti "patsira!", agogo ena uko akuti "thamanga!" Munthu mmodzi, miyendo iwiri, mabwana atatu. Bambowo, nditawayang'ana bwino, mimba ili kutsogolo, sindikukhulupirira kuti angathamange kuchoka pa Chinamwali kukafika pa Matawale.