Mpala wa Minami Minegishi sukundichoka m'maso

Abale anga, usiku wapitawu tulo titandithawa ndinakumananso ndi kavidiyo kakale komwe anthu amakaponyabe pa intaneti. Mtsikana wa zaka 20, mutu wometa mpala, misozi ili chuchuchu, akuwerama kwambiri, akupepesa. Mlandu wake unali woti anagona kunyumba kwa mnyamata.

Ameneyu ndi Minami Minegishi wa AKB48, gulu la atsikana oimba ndi kuvina la ku Japan. Analowa m'gululi mu 2005 ali ndi zaka 13, pomwe Yasushi Akimoto ankaliyambitsa kumene m'kaholo ka pamwamba pa sitolo ya Don Quijote ku Akihabara, mumzinda wa Tokyo. Pa 8 Disembala 2005, tsiku loyamba kuimba, anthu olipira pakhomo anali 7 okha. Minami anali m'gulu la atsikana oyambirirawo, amene anavina pamaso pa mipando yopanda anthu mpaka dzina la AKB48 litamveka dziko lonse.

Ndiye mu Januwale 2013 magazini ya Shukan Bunshun inatulutsa nkhani yoti wagona kwa Alan Shirahama, mnyamata wa gulu lina loimba la Generations. Pa 31 Januwale kanema uja anatuluka pa YouTube ya AKB48. Minami anati anadzimeta yekha osauza munthu. Akuluakulu anamutsitsa kukhala wophunzira, gulu lomwe amalitcha kenkyuusei, ngati kuti zaka 7 zonse zija sanavinepo.

Kwathu kuno timameta pa maliro. Ku Japan kumeta mpala ndi chizindikiro chakale cha kulapa. Koma ine ndikaonera kanemayu ndimaona maliro ndithu, kungoti womwalirayo ndi amene akulira.

Kuti mumvetse ukali wa anthu, onani mmene ndalama imalowera. M'kati mwa CD amaikamo tikiti yokagwirana chanza ndi woimba amene umamukonda. Umaima pamzere nthawi yaitali, n'kumugwira dzanja masekondi owerengeka, wantchito n'kukusuntha kuti wina abwere. Kuyambira 2009 mpaka 2018 kunalinso chisankho chachikulu cha pachaka chosankha atsikana okondedwa kwambiri m'gululo, ndipo chiphaso chovotera chinkapezekanso mu CD. Munthu mmodzi ankatha kugula ma CD ambirimbiri a nyimbo imodzimodzi kuti "wake" akwere. Bambo wotere sakugula nyimbo ayi. Akugula kamaganizo koti mtsikanayo alibe mwini, ndiye mwina, mwinatu, ndi wake. Chibwenzi chikadziwika, katundu wawonongeka pashelefu. Nchifukwa chake panali lamulo lotchuka loletsa atsikana a m'gululi kukhala ndi zibwenzi.

Ndikudziwa ena muti ankalidziwa lamulo, akanangotuluka. Pepani, apa sindikugwirizana nanu. Mwana wa zaka 13 angavomere bwanji lero za mtima umene adzakhale nawo ali ndi zaka 20? Amene muli ndi ana a fomu 1 kunyumba, tawayang'anani kaye musanandiyankhe.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti nyumba ija munali anthu awiri. Shirahama sanamete tsitsi pa kamera. Chaka chotsatira, mu 2014, analowa m'gulu lalikulu la Exile, ntchito n'kumakwera.

Minami sanathawe. Anavala wigi, nabwerera pa siteji, nayambiranso pansi pamodzi ndi tiana tomwe tinkamuonera pa TV tili kupulayimale. Anzake onse a 2005 anachoka mmodzimmodzi, iye n'kutsala yekha wa m'badwo woyamba. Anatsanzika mu Meyi 2021, mliri wa Covid utachedwetsa mwambowo ndi chaka chathunthu. Mu 2022 anakwatiwa ndi Tetsuya wa gulu la pa YouTube la Tokai On Air, ndipo ulendo uno lumo silinayandikire mutu wake.