Inu ana inu, maliro a mwana sasekedwa

Ndakhala chete masiku atatu koma lero ndiyankhula basi, ondida andide. Wina mwa inu anaponya mu gulu lathu chithunzi cha Mayi Farah Pahlavi, amene anali mfumukazi ya dziko la Iran, atavala chisoti chonyezimira, pansi pake nkulemba kuti "ndalama zonsezi ana nkumadziphabe, kutopa ndi kukhuta". Enanu nkumaika tinkhope toseka tija. Mpaka mayi wina wamkulu ndithu, wa mvano, waikapo kake. Zoona zimenezi? Munaleredwa kuti kodi?

Mwati mumawadziwa mayi amenewa kapena mwangoona chisoti? Chithunzi mukusheyacho ndi cha mu 1967 pamene amuna awo, Shah (ndiye kuti mfumu) Mohammad Reza Pahlavi, anawaveka ufumu ku Tehran. Iwo anabadwa mu 1938, bambo awo anamwalira iwo akadali kamtsikana, anapita ku Paris kukaphunzira zojambula mapulani a nyumba ndipo anakwatiwa mu 1959 ali ndi zaka 21. Anali mkazi wachitatu, amene anawatsogolera, Soraya, banja linatha chifukwa sanabereke, ndiye taganizani mtsikana akulowa m'banja dziko lonse likumuyang'ana pamimba. Mulungu anawapatsa ana anayi, Reza, Farahnaz, Ali Reza ndi Leila. Ndipo chisoti chimene mukuti anathawa nachocho sanapite nacho kulikonse, chinatsala ku Tehran komweko, chimasungidwa ku banki yayikulu ya boma.

Musandimve molakwa, sindikuti ufumu umenewo unali woyera ayi. Apolisi achinsinsi a SAVAK anazunza anthu ambiri m'ndende, ndipo mu 1971 anachita phwando ku Persepolis, mzinda wakale wa mafumu a ku Iran, lokondwerera zaka 2,500 za ufumu, zakudya kuchita kuitanitsa ku Paris anthu akumidzi ali pa umphawi. Izi kambani, tsutsani, ine ndikhala nanu limodzi. Koma Leila analakwanji? Mwana amene pa 16 January 1979, ufumu ukugwa, makolo ake akutuluka mu Iran osadzabwereranso, anali ndi zaka 8 zokha, anamanga ndani iyeyo?

Ndiye tamvani ulendo wa makolo akewo, poti inu mukuona ngati anapita ku holide. Egypt, Morocco, Bahamas, Mexico, America kukagonekedwa m'chipatala poti Shah anali ndi khansa, kenako Panama, kenako Egypt kachiwiri, chaka ndi theka akungosamuka ngati anthu othawa ngongole, maiko amene dzulo lake ankawayalira mphasa akutseka zitseko mmodzimmodzi, amene anawalandira ndi mtima wonse ndi Anwar Sadat, mtsogoleri wa Egypt nthawi imeneyo. Shah anamwalira ku Cairo pa 27 July 1980 ndipo anaikidwa mu mzikiti wa Al-Rifa'i. Leila ali ndi zaka 10, kwawo kulibe, bambo kulibe. Ife kuno mwana akataya bambo timati asakhale yekha, azakhali abwere, agogo abwere, mudzi wonse umufungatire. Iye mudzi wake unali kuti?

Mu June 2001 Leila anamupeza atamwalira mu chipinda cha hotela ku London, zaka 31, atamwa mankhwala ogonetsa opyola muyezo, ndipo kwa zaka zambiri anali akuvutika ndi matenda a maganizo komanso vuto la kusadya. Anaikidwa ku Paris, kutali ndi manda a bambo ake, kutali ndi kwawo. Patapita zaka pafupifupi khumi, mu January 2011, mchimwene wake Ali Reza anadzipha ku Boston ali ndi zaka 44. Munthu wophunzira uyu, mayunivesite a Princeton, Columbia, Harvard, amaphunzira mbiri yakale ya dziko lomwe samaloledwa kupondamo. Abale ake sanabise, ananena poyera kuti amalimbana ndi matenda a maganizo. Mwana wake wamkazi anabadwa iye atapita kale.

Mayi mmodzi, maliro a ana awiri. Ine ndinaikapo mwana, sindifuna kulowa mu zimenezo pano, koma ndikuuzeni kuti palibe ndalama imene imakugoneka tulo usiku umenewo.

Tsono chimene chandikwiyitsa kwenikweni si Mayi Farah ayi, iwo sadzawerenga Chichewa chathuchi, ali kutali ndipo akalamba. Chandiwawa ndi amene akuwerenga mwakachetechete mu gulu lomweli. Muli anthu oposa zana muno, mukuganiza kuti palibe mmodzi amene usiku sagona, amene wasiya kudya, amene akuganiza zoipa? Aona inu mukuseka mwana wa mfumu, ndiye iye wa ganyu, kapena iye amene ali ku Joni akutumiza ndalama mwezi ndi mwezi aliyense nkumamuona ngati bwana, ayamba bwanji kukuuzani kuti zinthu sizili bwino? Adziwa kale yankho lanu, "ukusowa chani iwe, limba mtima ndiwe mwamuna". Ndiye amakhala chete. Kenako ndi inu nomwe oyamba kulemba RIP ndi tinkhope tolira, nkumafunsa kuti bwanji sananene.

Matenda a maganizo ndi matenda ngati shuga kapena BP, safunsa kuti m'thumba muli zingati, ndipo kuchipatala amathandiza. Si kukhuta, si kulodzedwa nthawi zonse monga mumathamangira kunena.

Iwe amene unaponya chithunzicho ndimakudziwa, ndi amayi ako tinapemphera limodzi zaka zambiri, sindikutchula dzina pano. Chichotse lero lomwe. Enanu amene munaseka chotsani tinkhope tanuto, ndipo madzulo ano muimbire foni mbale wanu uja wangoti zii miyezi iwiri tsopano, musamulembere meseji, muimbireni amve mawu anu. Mawa m'mawa ndikadzuka ndiyang'ananso mu gulumu.